Pakati pa Masamba kwa Chatewa

A Kingsley Kamtedza anawalakwira a Chipiliro Gwaza Loweruka lina la mwezi wa Seputembala mu 1989, dzuwa litapendeka, m'mudzi wa Chatewa, pamsewu wochokera kwa Kabudula kupita ku Nsaru. Onse awiri anali anyamata nthawi imeneyo, a mpingo umodzi, ndipo anali pa mpikisano wa njinga umene kampani ina ya mu tauni inakonza. Wopambana ankayenera kulandira njinga yamagiya ndi malo m'timu ya kampaniyo ku Blantyre.

Zinayenda motere. Atapalasa kuyambira m'mawa, a Gwaza ndiwo anali patsogolo, kutali ndithu, moti akacheuka ankangoona fumbi lawo lomwe. Pofika kwa Chatewa anapeza masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Kunali maliro. Munthu wa kuno safunsa: ukaona masamba umatsika, umavula chipewa, n'kukankha njinga mpaka utadutsa masamba ena akutsogolo. A Gwaza anatsika. Masamba a tsiku limenelo anatalikirana kwambiri, chifukwa siwa inali kuno koyambira mudzi, manda ali uko kothera. Ali mkati moyenda, a Kamtedza anawapeza, nawonso n'kutsika, n'kumayenda nawo phewa ndi phewa, onse akupuma ngati ng'ombe zapangolo. Amayi a Mvano ankaimba pasiwa. Koma pamene msewu unakhotera kuseri kwa chigafa cha fodya, poti anthu a pamaliro sakanaona, a Kamtedza anaponya mwendo pachishalo n'kupalasa. A Gwaza anatsala akukankha mpaka pa masamba achiwiri. Kuchokera pamenepo kukafika ku Nsaru ndi mtsetse wokhawokha, ndipo pamtsetse munthu amene wakusiya sumupezanso.

Ku Nsaru a Gwaza anadandaula. Woweruza, bambo wa mu tauni wa wotchi yolendewera pakhosi, anatambasula pepala la malamulo n'kunena kuti mulibe mawu onena za masamba. A Kamtedza atafunsidwa anati iwo anakwera atadutsa masamba onse. Mboni panalibe.

A Kamtedza anapita ku Blantyre ndi njinga yamagiya ija. Anamveka pa wailesi, anakapalasa mpaka ku Zambia, kenaka anatsegula sitolo ya zitsulo za galimoto ku Lilongwe, n'kunenepa. A Gwaza anatsala pa Nsaru, pansi pa mtengo wa kesha pafupi ndi msika, akumata machubu ndi kuwongola malimu. A kabaza, amene ambiri anali asanabadwe n'komwe mu 1989, ankawaitana kuti a Nambala Thuu osadziwa kumene dzinalo linachokera. Njinga yamagiya a Gwaza analeka kuilirira kalekale. Chimene ankafuna chinali chimodzi: a Kamtedza aimirire pamaso pa anthu, anene ndi pakamwa pawo kuti anakwera pakati pa masamba.

Mu Julaye chaka chatha, pamtengo wa kesha panaima mayi wina wa njinga yopepuka yoti n'kuinyamula ndi dzanja limodzi. Anali Alinafe Chikuse, mphunzitsi wa ku Mpingu, amene ankatsogolera kalabu ya opalasa njinga.

"Ndinu a Gwaza, bambo?"

"Zitengera kuti wakutumani ndani."

"Palibe wandituma. Tikufuna kudzutsa mpikisano uja wa 1989, njira yake yomweyo. Tinapita kwa a Kamtedza kuti atilongosolere, koma akuti mokhotera anaiwala. Anati tidzafunse inu."

A Gwaza anaika sipanala pansi. "Anaiwala eti?"

"Akuti m'mutu mwadzaza za sitolo."

"Nanga dzina langa linapeza pati malo?"

Alinafe anaseka, koma ataona kuti mkuluyo sakuseka anatsokomola. "Adzabwera tsikulo. Ndiwo mlendo wolemekezeka."

"Adzalankhula?"

"Pa chimkuzamawu, Nsaru yense akumva."

A Gwaza anayang'ana limu limene linali m'manja mwawo, n'kulizunguza kamodzi. Anthu ofika ndi mawu okoma sankawakhulupirira, makamaka akakhala ndi nsapato zoyera. Koma chimkuzamawu chinawakhudza.

"Ndikusonyezani," anatero. "Koma m'galimoto ayi. Njira imeneyo ndinaidziwa ndi miyendo, ndiye miyendo yomweyo ikakumbukire."

Akazi awo, a Ezeliya, atamva anagwira m'chiuno. "Mukukafuna chiyani kumapiri ndi bondo limenelo? Mukakagwa musatumize uthenga kuno, ine ndili ndi mtedza woti ndiswe." Koma pa tsiku lonyamuka a Gwaza anapeza mbatata yootcha itamangidwa kale pakaliyala.

Njira imene anyamata aja anaitha tsiku limodzi, iwo awiri anaigawa masiku atatu. Anayambira pa Mpingu, a Gwaza ali pa njinga yawo ya Hamba, yomwe ija ya 1989, imene pa zitsulo zake zoyamba panangotsala felemu ndi belu. Pa tala wopita ku Namitete malole ankawakankhira kumbali, koma a Gwaza sankawaona. Ankaona anyamata a mu 1989 aja, makumi anayi ndi mmodzi, ena a makabudula a kusukulu, ena opanda nsapato, atadzaza msewu wonse m'chisanu cha m'mawa, mabelu akulira ngati pali ukwati. Wina wa ku Njewa anabwera ndi njinga ya abusa osapempha. Wina anamanga nthochi phava lonse pahandulo, ndipo zinathera m'manja mwa anzake asanafike n'komwe ku Namitete.

Atadutsa Namitete anakhotera kumwera, kulowa msewu wafumbi wopita kunkhalango ya kumapiri.

"Apa ndiye pamayambira mpikisano," anatero a Gwaza. "Kumbuyo konseku kunali kupereka moni."

Kale munthu ukalowa m'menemo dzuwa linkatsala kunja. Miombo inkakumana pamwamba pa msewu, ndipo mu Seputembala, masamba atsopano akamaphuka, phiri lonse linkafiira ngati lathiridwa katondo. Kunkamveka fungo la nthaka yozizira. Anyani ankakhala pamiyala n'kumaonera, wamkulu wawo akubwebweta ngati ndiye woweruza. Tsopano mthunzi unali wa apa ndi apo. Zitsa zinali mbuu kutsetsereka mpaka kukhwawa, ndipo amene ankakumana nawo anali amuna otsitsa matumba a makala, atatu atatu panjinga imodzi, akugwira buleki ndi chidendene patayala.

Zitunda zinalipo zitatu, ndipo chachitatu anyamata anachitcha Chitsitsamuna. A Gwaza anachiyamba ataimirira pamapedulo monga kale. Pakati pake bondo linakana. Anatsika. Alinafe anawadutsa atakhala phee pachishalo, chala chikungodina magiya, n'kukawadikira pamwamba.

"Pepani, bambo, ndikanatsika nanu."

"Musapepese. Njinga yanuyo imakwera yokha, inu mumangoiperekeza."

Anakhala pamwala n'kugawana mbatata. Kuchokera pamenepo dziko lonse linali poyera, madambo, minda yokolola kale, mpaka malata a ku Namitete akunyezimira.

"Mu 1989 amene sitinatsike pano tinali awiri," anatero a Gwaza. "Ine ndi Kingsley. Tinkaphunzira limodzi. Tinkamanga thumba la chimanga pakaliyala n'kumakwera nalo zitunda za kwathu, anthu n'kumati ana a kwa Gwaza ndi kwa Kamtedza apenga. Tsikulo botolo lake linagwa n'kusweka pachitunda choyamba. Pamwala uno anamwa m'botolo langa. Ndinamuuza kuti, 'Imwa, koma usiyeko.' Anasiyadi."

Ananena mawu omalizawo ngati akudabwa nawo okha.

Tsiku lachiwiri anatsika kumapiri n'kutsata mtsinje wa Namitete kulowera kumpoto, kumene umakathira mu Bua. Uku kunalibe zitunda, koma a Gwaza anati ndi kumene kunagwetsa ambiri. Njira inkadutsa m'mphepete mwa madzi, pansi pa mikuyu ndi mikatope, bango likukwapula m'miyendo, ndipo pansi panali mchenga wa tsaa woti tayala limangomira. A Gwaza anaimitsa Alinafe, n'kugwada, n'kuphwetsa matayala ake pang'ono.

"Mukundichotsera mpweya bwanji kodi?"

"Tayala lolimba limakumba. Lofewa limayandama. Uzani anyamata anuwo, koma osauza onse."

Apa ndi pamene a Gwaza anamusiya Kingsley tsiku lija. Kingsley anaumira mpweya, n'kumalimbana ndi mchenga akutukwana, pamene a Gwaza ankadutsa pamwamba pake ngati bakha padziwe. Pa Bua panali mlatho wa mitengo iwiri, woti uwoloke utasenza njinga paphewa. Amayi ochapa anaponya zovala pansi n'kuyamba nthungululu, ndipo msodzi wina anawathamangira ndi mlamba wamoyo kuti, "Tenga, mwana wa kwathu, ukadyere ku Blantyre!" A Gwaza anaseka okha atakumbukira, kuseka kumene Alinafe anali asanakumve. Tsopano panali mlatho wa simenti. Mikuyu inapita, madimba a tomato anafika mpaka m'madzi, ndipo injini yopopa madzi inkalira pamene pankalira achule. Koma mtsinje unali womwe uja, wa madzi obiriwira, oyenda mosafulumira, ndipo akakowa anali ataimabe pamchenga ngati palibe chinachitika. A Gwaza anavula nsapato n'kuviika bondo lija m'madzi nthawi yaitali.

Tsiku lachitatu anadutsa kwa Kabudula dzuwa lisanakwere, n'kufika kwa Chatewa. A Gwaza anatsika pamalo opanda kanthu, n'kuyamba kukankha njinga. Alinafe anayang'ana uku ndi uku, sanaone chifukwa, komabe naye anatsika. Anayenda wapansi mpaka pokhota. Pamene panali chigafa panali kanyumba ka njerwa kotchajirako mafoni. Pomwepo a Gwaza anamufotokozera zonse.

Alinafe anayang'ana kanyumba kaja. Kenaka anati, "Nanga inu simunakwere bwanji? Palibe akanakuonani."

"Ndi zimene anaganiza Kingsley."

"Komabe, bambo, unali mpikisano."

"Wagonayo ankadziwa za mpikisano? Masamba aja sanayalire anthu a pasiwa kuti aziona amene watsika. Anayalira mwini maliro. Bambo anga anandimenyapo kamodzi kokha m'moyo, ndipo chinali chifukwa choliza belu pamasamba." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Miyendo inkafuna kukwera, mayi. Ndinkamuona akuchepa, akuchepa, mpaka anasanduka kadontho. Koma manja anakana kusiya kukankha."

"Ndiye mukufuna chiyani tsopano?"

"Anene yekha. Basi."

"Ine sindingawakakamize. Koma ndidzakuikani kutsogolo, pafupi ndi chimkuzamawu."

"Malonjezo a anthu ophunzira ndimawadziwa," anatero a Gwaza, n'kukwera njinga.

Koma Alinafe anasunga lonjezo. Tsiku la mpikisano, mu Seputembala, pa Nsaru anamanga tenti m'mbali mwa msewu, n'kupaka mzere woyera pothera, ndipo mpando wa a Gwaza unali m'ndandanda woyamba. Opalasa ananyamuka ku Mpingu m'mamawa, tsono anthu ku Nsaru ankangodikira, nyimbo zikulira. A Ezeliya anawasitira a Gwaza jekete la kutchalitchi, akunena kuti, "Mukakachita manyazi mukachite muli oyera."

Masana galimoto yoyera inaima pafupi ndi msika. Munatuluka bambo wa mimba yaikulu, wa ndodo, imvi zili mbuu. A Gwaza anamuzindikira ndi mayendedwe okha, phazi lamanzere loponyera kunja. Sanadikire kuti afike kutenti. Anaimirira pamtengo wawo wa kesha mpaka a Kamtedza anawaona.

"A Gwaza! Mukadali pamtengo womwewu?"

"Mtengo sunandithawe."

"Haa, pakamwa sipanasinthe! Njinganso ndi yomwe ija? Imeneyi ikufunika kuipumitsa, achimwene, yagwira ntchito kuposa boma."

"Iwe Kingsley, khala pansi."

A Kamtedza anayang'ana kutenti kumene anthu ankawakodola, n'kuyang'ana benchi ya mafuta imene a kabaza amakhalapo podikira machubu. Anayala kampango n'kukhala. Panali patapita zaka zambiri popanda munthu wowatchula kuti iwe.

"Kwa Chatewa unakwera pati?"

"Zaka makumi atatu ndi zisanu, Chipiliro."

"Ndawerenga ndekha. Unakwera pati?"

A Kamtedza anajambulajambula pansi ndi ndodo. "Kuseri kwa chigafa," anatero motsitsa mawu. "Ndinkayesa nawenso ukwera. Ndinacheuka kawiri, ndikulumbira. Ndikuona munthu akungokankha njinga ngati akupita kuchigayo. Ndinati nditani, nditsikenso?"

"Ukanatsika."

"Ndikanatsika ukanandisiya pamtsetse. Iwe unali ndi miyendo, ine tsikulo ndinathera mumchenga wa ku Bua. Ukudziwa."

A Gwaza anamva m'chifuwa mwawo mukumasuka chinthu chimene chinamangika kalekale. Anatsala pang'ono kumugwira dzanja. Ankaona mnyamata uja wa pamwala, akubweza botolo madzi ali theka.

"Zimene wanenazi ukanene apo," anatero akuloza kutenti.

"Apo pali ana anga. Pali abusa."

"Ndi bwino. Amve."

A Kamtedza anapuma mozama, n'kudzuka motsamira ndodo. "Chabwino, ndikanena. Ungondilola ndiyambe ndi zina."

Anayambadi ndi zina. Anathokoza mafumu, apolisi ndi a kalabu. Anasimba za anyamata makumi anayi ndi mmodzi, za njinga ya abusa, za nthochi za pahandulo, anthu n'kumafa ndi phwete. Anasimba za miombo yofiira ndi anyani a pa Chitsitsamuna, za mlatho wa mitengo iwiri, ndipo a Gwaza anaona kuti munthuyu sanaiwale ngakhale pokhota pamodzi. Ankasimba bwino, moti nawonso anapezeka akugwedeza mutu. Kenaka a Kamtedza anatembenuka.

"Pano pali mnzanga wa paubwana. A Gwaza, taimirirani anthu akuoneni!"

A Gwaza anaimirira, n'kukonza jekete. Anthu anawomba m'manja. A kabaza anakuwa kumbuyo kuti, "A Nambala Thuu!"

"Mkulu ameneyu," anatero a Kamtedza, "anandimwetsa madzi pamwamba pa phiri botolo langa litasweka. Mkulu ameneyu anandisiya mumchenga wa ku Bua, ine n'kumaona msana wake wokha mpaka kwa Kabudula. Ndiye tinafika kwa Chatewa."

Anaima. Anayang'ana a Gwaza, n'kuyang'ana mzere wachiwiri, kumene kunakhala ana awo aakazi awiri atakweza mafoni akujambula. Chimkuzamawu chinalira chokha kanthawi.

"Kwa Chatewa," anatero, "mnzangayu mphamvu zinamuthera. Zimachitika. Mpikisano ndi wautali. Tamuwombereni m'manja!"

Anthu anawomba kwambiri kuposa poyamba. A Gwaza anasuntha phazi, n'kutambasula dzanja kuti alandire chimkuzamawu. Nthawi yomweyo kumtunda kunamveka hutala ya njinga yamoto ya apolisi, ndipo wina anakuwa kuti, "Akubwera! Awiri! Ali limodzi!" Tenti yonse inakhuthukira kumsewu, mipando ikugwa. Wa nyimbo analanda chimkuzamawu m'manja mwa a Kamtedza n'kuyamba kutchula manambala. A Gwaza anatsala ali chiimire, dzanja lili m'malere, pambali pawo pali a Ezeliya okha amene sanadzuke pampando.

Anapambana mnyamata wa ku Nambuma, kusiyana ndi mnzake theka la tayala. A Kamtedza anamuveka mendulo, anajambulitsa naye, kenaka ana awo anati shuga wawakwera, n'kuwalowetsa m'galimoto. Podutsa pamtengo wa kesha galasi linali lotseka.

Anthu atabalalika, Alinafe anabwera akuthamanga, wotchi ikadali m'manja, nkhope yonse fumbi.

"Bambo, ine ndinali kumzere, sindinamve. Anena?"

"Mukawafunse," anatero a Gwaza, akuvula jekete n'kulipereka kwa akazi awo.

Lolemba anatsegula bokosi la zitsulo pamtengo wawo monga mwa masiku onse. Woyamba kubwera anali wa kabaza wa tcheni choduka, amene podikira anati, "Koma a Nambala Thuu, munayesetsa. Kuthera kwa Chatewa si pafupi."

A Kamtedza sanabwerenso ku Nsaru. Mpaka lero sananene pagulu kuti anakwera pakati pa masamba, ndipo pa Nsaru anthu amadziwa kuti a Gwaza mphamvu zinawathera kwa Chatewa.